Nsinjiro ndi Kusinjirira: Malire a Mlembi Polemba Sewero la Munthu Weniweni

Ndikulemba kuchokera kuno ku Chitungwiza. Ndabwera ndi nkhani imene yakhala ikundizunguza mutu kwa masabata angapo, ndipo ndaona kuti n'kwabwino ndiitule pamaso panu, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Pa mpingo wathu ku Seke pali kagulu ka achinyamata kochita zisudzo. Ambiri mwa iwo ndi zidzukulu za anthu amene adachoka ku Nyasaland ndi ku Tete kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya dziko lino, choncho Chinyanja chawo chimayenda chitagwirana manja ndi Chishona. Popeza ndidakhalapo mphunzitsi, amandiitana Loweruka masana kuti ndikawaonerere akamayeserera. Chaka chino adaganiza zolemba sewero la moyo wa malemu Lazarus Boora, katswiri wa pa kanema amene dziko lonse la Zimbabwe lidamudziwa ndi dzina loti Gringo, wantchito wovuta uja wa pakhomo pa a Gweshegweshe. Boora adamwalira pa 9 November 2020 ali ndi zaka 47, ndipo anawa adakula akuseka nthabwala zake. Cholinga chawo chinali chabwino: kumulira ndi kumukumbukira.

Gawo loyamba ndi lachiwiri zidayenda bwino. Koma m'gawo lachitatu mudali chochitika chimene chidandiimitsa mtima. Wodwalayo ali gone pa bedi, mbale wake akulowa, akukangana naye za ndalama, kenaka akutuluka n'kumusiya yekha akubuula. Anawo adasewera mogwira mtima, moti mayi wina amene ankasesa m'holomo adaima ndi tsache m'manja, misozi ili chuchuchu. Atatha ndidaitana mtsikana amene adalemba mawuwo.

"Mwanawe, zimenezi udazimva kuti?"

"Sindidazimve paliponse, agogo. Ndangopeka kuti anthu alire. Nanga sewero si kupeka?"

Funso limeneli si lachibwana, ndipo sindidafune kuliyankha mwa ukulu wokha. Mtsikanayo adanena zoona: palibe sewero lopanda kupeka. Palibe amene adali ndi cholembera pamene katswiri ankacheza ndi mkazi wake kukhitchini, kapena pamene ankadzilankhulira yekha usiku tulo titathawa. Mlembi akapanda kudzaza mipata imeneyo, chotsala ndi mndandanda wa masiku ndi zaka, wonga umene amawerenga pamaliro, ndipo palibe amene angalipire khobidi kuti akaumvere m'holo.

Achingerezi ali ndi mawu awoawo otchulira ufulu umene mlembi wa sewero amadzipatsa wosintha zimene zidachitikadi. Ife tilibe liwu limodzi lolunjika pamenepo, koma tili ndi awiri omveka ngati apachibale amene amaika malire bwino kuposa a Chingereziwo. Loyamba ndi nsinjiro. Mayi akatendera mpiru, mpiruwo ukhalabe mpiru. Nsinjiro zangouchotsa kuwawa ndi kuukometsa kuti nsima ilowe. Lachiwiri ndi kusinjirira, kutanthauza kunenera munthu zoipa zimene sadachite. Mlembi akaika mawu m'kamwa mwa munthu mogwirizana ndi khalidwe lake lodziwika, akapanikiza zaka khumi mu usiku umodzi, akaphatikiza abwenzi atatu kukhala mmodzi wa dzina lopeka, wathira nsinjiro. Koma akasenzetsa munthu weniweni mlandu umene palibe adaumvapo, monga kutaya mbale wodwala, kuba, chigololo kapena nkhanza, pamenepo wasinjirira, ngakhale oonerera atalira mpaka maso kutupa.

Tsono tingadziwe bwanji kuti nsinjiro zathera pati? Yankho langa ndidalipeza kwathu konkuno, pabwalo la gule wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamulemekeza m'chaka cha 2005 monga chuma cha anthu onse, ndipo amavinidwa ngakhale kuno ku Zimbabwe kumene Ashona amamutcha zvigure. Sindiulula za kudambwe. Ndingonena zimene aliyense amaona ndi maso. M'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Brooklyn Museum ku New York muli chigoba cha Achewa chosemedwa cha m'ma 1977, cha nkhope ya Elvis Presley, woimba wa ku America amene adaseweranso m'mafilimu 31. Taganizirani: akatswiri athu osema adatenga nkhope ya munthu wotchuka pa dziko lonse, n'kuilowetsa m'gule, popanda kupempha chilolezo kwa wina aliyense. Ufulu wopeka woposa pamenepo kulibe.

Komabe palibe amene angati gule adanamizira Elvis. Chifukwa chake n'chakuti chigoba chimaoneka kuti ndi chigoba. Aliyense pabwalo, kuyambira gogo mpaka mwana wobereka kumbuyo, amadziwa kuti chimene chatuluka ndi chilombo, ndipo palibe amene amabwerera kunyumba akuganiza kuti waphunzira mbiri ya mzungu wa ku Memphis. Zilombo zotengera alendo, monga Simoni wa nkhope yofiira uja, zimabwereka maonekedwe a munthu pofuna kunena za khalidwe, ndipo khalidwe limene zikudzudzula ndi la ife amene tikuonerera. Sewero la m'holo limene lalembedwa pachitseko kuti "moyo wa Lazarus Boora" limachita zosiyana. Limavula chigoba, n'kuuza oonerera kuti uyu ndi iyeyo, izi ndi zimene zidamuchitikira. Ndiye mfundo yanga ndi iyi: ufulu wa mlembi umakula pamene chigoba chikuoneka, ndipo umachepa pamene mlembi akulumbira kuti akunena zoona. Sangadyere mbali zonse ziwiri, kukopa anthu ndi dzina lenileni kwinaku akubisala kuseri kwa mawu oti "ndi sewero chabe."

Alembi ena amaidziwa bwino mfundo imeneyi. Miriam Makeba, amene kuwonjezera pa kuimba adaoneka m'filimu ya Come Back, Africa ya 1959 ndi ya Sarafina! ya 1992, adamwalira mu November 2008 atangotha kuimba ku Castel Volturno m'dziko la Italy. Somi Kakoma adalemba sewero la moyo wake lotchedwa Dreaming Zenzile, limene lidaonetsedwa ku New York mu 2022. Seweroli limachitika usiku womaliza uja, pamene mizimu ikubwera kudzamutenga n'kumuyendetsa m'zaka za moyo wake. Dzina lenilenilo likuuziratu woonerera kuti awa ndi maloto. Mlembi wotere akhoza kupeka zambiri, chifukwa waonetsa chigoba chake poyera.

Pali ena amene adachita mosiyana. Arthur Miller, mlembi wamkulu wa masewero wa ku America, adakwatira Marilyn Monroe mu 1956 ndipo banja lawo lidatha mu 1961. Monroe adamwalira mu August 1962. Mu January 1964, pasanathe ngakhale zaka ziwiri, Miller adatulutsa sewero la After the Fall, momwe muli Maggie, woimba wotchuka, wokongola, womwa mowa ndi mapiritsi, amene akuzunza mwamuna wake wophunzira mpaka kudziwononga yekha. Barbara Loden, amene adasewera Maggie, adavala tsitsi loyera longa la Monroe. Miller adakana kuti Maggie ndi mkazi wake wakale, koma ambiri sadamukhulupirire, ndipo adamudzudzula kwambiri. Taonani kuti iye adasintha dzina, koma chigoba chake chidali chopyapyala moti nkhope yeniyeni inkaonekera. Chimene chidapweteka anthu n'chakuti mlandu wa m'banja udazengedwa pagulu ndi mbali imodzi yokha, mbali inayo ili m'manda. Kwathu ankhoswe sagamula nkhani atamva mwamuna yekha.

Chitsanzo china n'chaposachedwa, ndipo chimandiphunzitsa zambiri chifukwa muli zabwino ndi zoipa pamodzi. Robert Shaw adasewera m'filimu yotchuka ya Jaws ya 1975, ndipo adamwalira mu 1978 mwana wake Ian ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ian atakula adalemba, mothandizana ndi Joseph Nixon, sewero la The Shark Is Broken, lonena za amuna atatu amene adasewera m'filimuyo akudikirira m'boti pamene chinsomba chamakina chawonongeka. Lidaonetsedwa ku Edinburgh mu 2019 ndipo lidafika ku Broadway mu 2023. Ian adasewera bambo ake enieni, osabisa uchidakwa wawo. Palibe amene akadamuletsa, pakuti chilondacho n'cha m'nyumba mwake ndipo nkhaniyo inali yodziwika kale. Koma m'botimo mudalinso Richard Dreyfuss, amene akadali moyo. Iye ataonerera adadandaula poyera kuti adamusandutsa chitsiru ndiponso kuti sadamufunse kanthu. Mwana adali ndi ufulu pa mbiri ya bambo ake, koma ufuluwo sudafike pa mbiri ya mnzawo wa bambo akewo. Sewero la munthu mmodzi nthawi zonse limakoka anthu ena, ndipo amene amavulala kwambiri ndi a m'mbaliwo, amene mlembi amawagwiritsa ntchito ngati nkhuni zosonkhezera chisoni.

Wina anganene kuti tisiyire malamulo. Koma malamulo sathandiza kwenikweni. Olivia de Havilland, katswiri wa m'filimu ya Gone with the Wind ya 1939, adasumira kampani ya FX mu 2017, akuyandikira zaka 101, chifukwa cha sewero la pa kanema lotchedwa Feud, limene lidamuonetsa akutchula mng'ono wake Joan Fontaine ndi mawu otukwana amene iye adati sadawanenepo. Mu March 2018 khoti la apilo la ku California lidaukana mlanduwo poteteza ufulu wa olemba, ndipo mu January 2019 khoti lalikulu la dzikolo lidakana kuumva. Mayiyu adamwalira mu 2020 ali ndi zaka 104, mawu aja akadali pa dzina lake. Ngati munthu wamoyo, wachuma, wokhala ndi maloya, adalephera, nanga wamasiye wa ku Zengeza angatani? Chotchinjiriza chokha chimene chatsala ndi chikumbumtima cha mlembi.

Ndipo kwa ife chikumbumtimacho chiyenera kukhala chatcheru kuposa cha a ku America, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, za Marilyn Monroe padalembedwa mabuku ochuluka, kotero sewero limodzi likapotoza, pali ena ambiri oliwongola. Akatswiri athu alibe mwayi umenewo. Za Safirio Madzikatire, Mukadota uja, amene adamwalira mu 1996, za John Nyanga ndi Eric Mabedi, Izeki ndi Jakobo a ku Malawi, amene adatisiya mu 2016 ndi 2021, chimene mwana wa lero angapeze ndi tizidutswa ta m'nyuzipepala ndi ta pa YouTube. Sewero loyamba kulembedwa za munthu wotere limasanduka mbiri yake. Wolionerera akafotokozera mnzake m'kombi, mawu oti "m'sewero muja" amagwera panjira, ndipo pofika pa Makoni nkhani yasanduka "akuti abale ake adamutaya." Paja akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa.

Chachiwiri, akatswiri athu sakhala kuseri kwa mipanda ya Hollywood. Amagula tomato pamsika umene timagula ife. Mayi Jesesi Mungoshi, amene adasewera Neria m'filimu yotchuka ija, akhala zaka zambiri m'tauni yathu yomwe ino, ndipo mpaka lero anthu amawatchula ndi dzina la m'filimu. Boora atamwalira, mitu ya nkhani idalengeza imfa ya Gringo, ngati kuti wamwalira ndi munthu amene Enock Chihombori adamupeka. Anthu athu amavutika kale kusiyanitsa wosewera ndi chimene akusewera. Mlembi akawonjezera pamwamba pake munthu wachitatu, wovala dzina lenileni koma wochita zopeka, oonerera sadzatha kumasula mfundoyo. Ndipo mbale wonamiziridwa uja si mthunzi: ali ndi nkhope, ali ndi mpingo, ali ndi ana asukulu amene anzawo adzawaloza chala.

Ife a mtundu wa Chinyanja kuno sitiyenera kuuzidwa kawiri za ululu umenewu. Tidakula tikuona m'zisudzo munthu wotchedwa Achimwene, wophika kapena wolima maluwa, wolankhula Chishona chopindika, amene ntchito yake inali kuseketsa anthu ndi umbuli wake. M'misewu ankatitcha mabhurandaya ndi mabwidi. Olemba zisudzozo akadafunsidwa akadayankha monga adayankhira mtsikana wanga uja, kuti angopeka kuti anthu aseke. Koma bambo anga, amene ankawerenga Buku Lopatulika ndi kulembera anzawo makalata opita kumudzi, ankangokhala chete pa nthawi imene ena ankagwa ndi phwete, ndipo ife ana tidayamba kuchita manyazi kulankhula chinenero chathu pabwalo la sukulu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Amene adalawapo kupekeredwa khalidwe asafulumire kupekera ena.

Tsopano ndiyenera kuyankha amene akunditsutsa mumtima, ndipo ndikudziwa kuti m'bwalo lino alipo. Iwo akuti: mukapatsa achibale mphamvu yovomereza kapena kukana, masewero onse adzasanduka maulaliki a pamaliro, momwe wakufa aliyense adali wofatsa, wopemphera ndi wokonda anthu. Akutinso mawu oti "ulemu" ndi amene olamulira amabisalamo akafuna kutseka anthu pakamwa. Nkhawa imeneyi ndi yoona. Lamulo lounika zisudzo ndi mafilimu la dziko lino lidakhazikitsidwa mu 1967 pa nthawi ya Ian Smith, la ku Malawi mu 1968 pa nthawi ya Kamuzu Banda, ndipo tikudziwa mmene adawagwiritsira ntchito. Mu 2004 bungwe lounika zisudzo kuno lidaletsa sewero la Super Patriots and Morons la gulu la Rooftop Promotions. Ine sindikupempha bungwe lina lotero, ndipo sindikunena kuti banja likhale ndi mphamvu yoletsa. Mlembi apite kubanja kukamva, monga amachitira mlendo wofika pamudzi, koma cholembera chikhale chake.

Sindikunenanso kuti zowawa zibisidwe. Choona chowawa chimene chili poyera n'chololedwa, ndipo kawirikawiri chimaluma kuposa bodza. Pa nkhani ya Boora, nyuzipepala zidalemba za mapempho a thandizo la ndalama za kuchipatala pamene iye ankadwala. Munthu amene adaseketsa dziko lonse kwa zaka zambiri adafika podalira chifundo cha anthu kuti achiritsidwe. Kodi pali sewero loposa pamenepa? Ndipo mlandu wake ukugwera tonse: amene tinkagula madisiki okopera m'misewu, amene tinkamupempha kuti atiseketse kwaulere tikakumana naye, ndi dziko limene silidakonze njira yoti aluso adye thukuta lawo. Chochitika cha mbale wankhanza chija chikadatipulumutsa ku mlandu umenewu. Chikadatipatsa munthu mmodzi woti timude, n'kutuluka m'holo titadziyeretsa. Apa ndipo ndimaona kuti kusinjirira, kuwonjezera pa kukhala tchimo, ndi ulesi wa mlembi: njira yachidule yopezera misozi popanda kufukula chimene chidachitikadi.

Zonsezi ndidawafotokozera anawo, ngakhale mosalongosoka monga ndalembera pano. Ndidawapatsa njira ziwiri. Akafuna kusunga chochitikacho, achotse dzina la Boora ndi zonse zomulozera, apeke wanthabwala wawo wa dzina lina ndi mbiri ina, ndipo pamenepo amupatse abale oipa monga angafunire. Akafuna kusunga dzina, achotse chochitikacho. Ndidawapatsanso muyeso umene ndimauona wosavuta: gawo lililonse limene simungathe kulisewera mkazi wa malemu ndi ana ake atakhala pa mpando wakutsogolo, mudzifunse ngati chokuchititsani manyazi ndi choona chowawa kapena bodza lokoma. Chikakhala choona, limbani mtima museweretu. Likakhala bodza, fufutani.

Mtsikana uja adakwiya, ndipo Loweruka lotsatira sadabwere. Mnyamata wina adandiuza mosabisa kuti nkhalamba zimaopa chilichonse chokhala ndi moto. Koma patapita masabata awiri mtsikanayo adatulukira ndi mapepala atsopano. Dzina adalisunga, mbale uja adamuchotsa. M'malo mwake, usiku wa kuchipatala, pakhomo pakugogoda Gringo mwini wake, wovala zake zija za pa kanema, kudzazonda Lazarus amene adamubereka. Anyamata awiri akusewera munthu mmodzi. Gringo akuyesa kumuseketsa, Lazarus akumufunsa kuti n'chifukwa chiyani anthu onse amakonda iye koma palibe amene akudziwa dzina la wodwalayo. Palibe mawu amodzi m'gawo limenelo amene adanenedwapo pa dziko lapansi, ndipo palibe woonerera amene angaganize kuti adanenedwa. Mayi wosesa uja adaliranso, kuposa poyamba.

Sewerolo silinaonetsedwe pagulu. Tagwirizana kuti tiyambe tafunafuna njira yofikira akubanja, atimve ndipo tiwamve, ndipo ngati atatiuza kuti talakwitsa penapake tidzakonza. Inu a ku Lilongwe, a ku Chipata, a ku Tete ndi a ku Lichinga, tsiku likubwera pamene ana anu adzafuna kulemba za Izeki ndi Jakobo, za Du Chisiza Jr. kapena za Gertrude Kamkwatira, ndipo adzakufunsani funso lomwe ndidafunsidwa ine. Ndikufuna kumva mmene mudzawayankhire, makamaka inu amene mukuona kuti malire anga ndawaika pafupi kwambiri. Ndiponso ngati kwanuko kuli liwu limodzi lotchulira ufulu wa mlembi umenewu, limene ife a kutali tidaliiwala, chonde tikumbutseni.